Hafukoroni ya m'Mbale ya Nsalamu

Ana anga, mwakhala mukundiseka chifukwa cha mwala wakuda umene ndimasunga pansi pa bedi. Dalitso amati tsiku lina udzamuthyola chala, ndipo iwe Tikambenji unafuna kuusiya dala pamene tinkasamuka ku Kabwata kubwera kuno ku Chilenje. Tsopano poti ndapuma ntchito, ndati ndilembe za mwala umenewu, chifukwa ndi umene unakuphunzitsani sukulu. Komanso iwe Tika uyenera kudziwa bwinobwino mmene ukwati wako unatsalira pang'ono kufera pamwala womwewo. Nthawi ija unali ndi misozi m'maso, zonena zanga sunkazimva.

M'ma 1980: sitolo ya boma

Ntchito yanga yoyamba inali m'sitolo ya boma m'tauni muno. Ndinabwera kuchokera ku Katete ndi sutikesi imodzi, ndipo amalume ndi amene anandilankhulira kwa akuluakulu. Pa pepala ndinali wogulitsa, koma kunena zoona ndinali mlonda wa mashelefu opanda kanthu. Inu amene mwakulira m'masitolo odzaza simungamvetse. Sopo akafika, mzere unkazungulira nyumba yonse. Mphekesera ikamveka kuti kwabwera saladi, mafuta ophikira aja, anthu ankathawa m'maofesi, majekete n'kutsala pamipando kuti abwana aziyesa kuti eni ake ali pafupi. Wotiyang'anira anali mayi wina wa nkhope yosaseka, amene ankatiletsa kukhala pansi ngakhale tsiku limene m'sitolo munali machesi ndi polishi wa nsapato basi. Ndiye poopa kugona chiimirire, ndinkasewera ndi ndalama zachitsulo za m'kabati, ma ngwee aja. Ndinkazigwetsa pakauntala imodziimodzi n'kumamvetsera. Iliyonse inali ndi mawu ake. Ine ndinkaimba alito m'kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Kabwata, choncho ndinkawatsatira mawuwo chapakhosi, mpaka anzanga ankati mwana wa ku Katete wagwidwa misala ya m'tauni. M'zaka zimenezo ndi mmene ndinakwatiwa ndi atate anu, inu awiri n'kubadwa.

Kuyambiriro kwa m'ma 1990: kwa ba Mulenga

Zipani zambiri zitabwera, zinthu zinatembenuka mofulumira. Katundu anadzaza m'misewu, salaula, zovala za kaunjika zija, anafika pakhomo lililonse, koma masitolo a boma anatsekedwa ndipo ine ndinapezeka ndili chikhalire pakhomo. Malipiro a atate anu, amene anali kalaliki, ankatha mwezi usanafike pakati. Ndinayesa kugulitsa zitumbuwa pasiteji ya minibasi, koma ndilibe nkhope ya malonda otere. Munthu akanena kuti ndi zazing'ono, ndinkamuuza kuti akaphike zake.

Mnzanga wina wa kukwaya ndi amene anandiuza kuti kuli mdala wina wa Chibemba m'tauni amene akufuna munthu wa makutu. Ndinaseka, poti makutu aliyense ali nawo, koma ndinapita. Kashopu kake kanali kopanikizika pakati pa telala ndi ogulitsa mankhwala, kuseri kwa msewu waukulu. Mdalayo anali ba Mulenga. Anagwira ntchito zaka zambiri ku migodi, m'chipinda choyesera zitsulo, ndipo atapuma anatsegula shopu yokonza mawotchi ndi kugulitsa masitampa ndi ndalama zakale kwa alendo ndi anthu a ku maofesi a akazembe. Maso anali nawo akuthwa, koma makutu anawasiya ku makina a ku migodi.

Mukudziwa kuti ife a kum'mawa ndi Abemba ndife a chimbuya. Timanyozana poyera popanda wokwiya: iwo amatinena za mbewa, ife timawanena za anyani, amene iwo amati kolwe. Ndiye nditangotchula kwathu, mdala uja anakweza mawu monga amachitira anthu osamva bwino, n'kuyamba kunyoza makutu anga.

"Imwe ba ku Katete, matu yanu yamvela chabe mbeba mu udzu, olo na ndalama yangamvele?"

"Ngati imwe mumvela kolwe ali pamwamba pa mtengo," ndinayankha, "ine ningakangiwe bwanji vintu vili pa tebulo?"

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anatulutsa mwala uja pansi pa kauntala. Unali chidutswa chotsala kwa osema miyala ya pamanda, chosalala mbali imodzi. Anatenga ndalama ziwiri zazikulu zofanana ndendende, zonse za mutu wa mfumu ya ku Mangalande, n'kugwetsa yoyamba kuchokera pafupi kwambiri ndi mwalawo. Inalira kuti ngwii, mawu oonda, aatali, ozilala pang'onopang'ono. Yachiwiri inangoti pha, basi. Anandifunsa kuti ndamva chiyani. Posowa mawu ofotokozera, ndinangoimba kanyimbo ka yoyamba ija, ndipo za yachiwiri ndinati imeneyo ilibe mpweya. Imeneyo inalidi yachinyengo, ndipo anati ndibwere Lolemba.

Musaganize kuti ntchitoyi inali ya khutu lokha. Ba Mulenga ankandikalipira ndikathamangira mwala. Poyamba ndalama timaiika pasikelo, chifukwa yeniyeni ili ndi kulemera kwake kodziwika. Kenako timaiyandikizira maginito, siliva sakokeka. Kenako timatenga galasi lokuza zinthu n'kuyang'ana m'mphepete. Ndalama yeniyeni inachita kudindidwa ndi makina amphamvu, ndiye timizere ta m'mphepete mwake timakhala tolongosoka, zilembo zili zakuthwa. Yachinyengo kawirikawiri amaisungunula n'kuithira m'chikombole, ndipo imatuluka ndi msoko m'mbali, zilembo zofufuma, ndi timaenje tosiyidwa ndi thovu. Khutu linkabwera pomaliza, kudzatsimikizira. Ndipo ndalama yosungidwa bwino sitinkaigwetsa pamwala ayi, kuopa kuivulaza. Ndinkaikhazika pansonga ya chala n'kuigogoda ndi pensulo. Koma pali ndalama zina zachinyengo zimene zinkapambana sikelo, maginito ngakhale galasi, n'kudzagwa pa ine. Tsiku lotero ba Mulenga ankandigulira fanta, akunena kuti mbewa zimathandizadi makutu.

Chakumapeto kwa m'ma 1990: zaka za mazitini

Zimenezo zinali zaka zimene makampani ambiri anatsekedwa, amuna amphamvu zawo n'kumakhala pakhonde masana. Kwacha inafooka, ma ngwee anasanduka zoseweretsa ana. Ndiye kunabuka mphekesera, sindikudziwa kumene inachokera, yakuti ndalama za nthawi ya atsamunda zikugulidwa pamtengo wogulira nyumba. Anthu anafukula m'masutikesi a agogo awo. Ankatsika basi ku Intercity n'kulunjika kwathu ndi zitini zodzaza makobiri a bowo pakati, matiki ndi masheleni. Zambiri zinali zenizeni ndithu, koma wamba, zoti aliyense wosonkhanitsa ali nazo kale. Pamene pali njala yotero akathyali sachedwa. M'makomboni ena anthu anayamba kusungunula mtovu wa mabatire ndi masupuni akale n'kupanga ndalama zikuluzikulu, kuzikuta ndi kamadzi konyezimira, kenako kuzikwirira m'dothi kapena kuzipaka polishi wakuda kuti zioneke zakale.

Apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene chimandipweteka mpaka lero. Ndalama zabodza zinkabwera zakuda, zooneka zokalamba, pamene zenizeni zinkabwera zikuwala. Ife anthu akuno sitipereka chinthu chakuda kwa mlendo. Poto timamukwecha, mbale timaikwecha, ndiye mayi akamva kuti mawa ndalama ya malemu apongozi ikukaonetsedwa m'tauni, amakhala pansi ndi phulusa ndi ndimu n'kuikwecha ndi mtima wonse mpaka iwale. Sadziwa kuti ogula amafuna khungu lakuda lomwelo, limene ndalama imavala ndi zaka, ndipo kuti phulusa limadya tsitsi la mfumu ndi timizere tonse tosonyeza kuti ndalamayo inasungidwa bwino. Ulemu wathu womwewo ndi umene unkatsitsa mtengo. Ndinkakwiya nazo kwambiri, osadziwa kuti ndikwiyire ndani.

Pakamwa panga panatchuka m'zaka zimenezo. Sindinkazungulira. Munthu akabwera ndi mtovu ndinkamuuza pomwepo kuti, "Iyi ni feki, tengani." Ena ankatukwana, ena ankalira, wina anandiopseza kuti andilodza makutu. Ba Mulenga ankati ndizithirako shuga pang'ono, ine n'kumati shuga anasowa kalekale m'sitolo ya boma. Koma chifukwa cha pakamwa pomwepo ogula anayamba kundikhulupirira. Mlendo asanatulutse chikwama ankayamba wafunsa ngati ine, Mayi Daka, ndaimva ndalamayo. Panalibe chidindo kapena pepala lililonse, mawu anga okha ndiwo anali umboni.

Kuyambiriro kwa m'ma 2000: Kabulonga

Ba Mulenga atakalamba anabwerera kwawo kumpoto, shopu n'kusiyira mwana wawo Kelvin. Potsanzikana anandiuza kuti mwala ndi wanga, mwana wawo asaukhudze. Kelvin sanali munthu woipa, ndipo sindikufuna kuti mumuone choncho. Anali wochenjera pa malonda kuposa atate ake. Anasamutsira shopu ku Kabulonga kumene kunali ogula enieni, anaika makauntala agalasi ndi kompyuta, malipiro anga anakwera. Vuto lake linali liwiro. Malonda akachedwa ankatuluka thukuta. Mwala wanga ankati ukuipitsa shopu, ndiye ndinkausunga kuseri, pafupi ndi sefa yachitsulo yotsekeramo ndalama.

M'nthawi imeneyo ndi mmene iwe Tika unatiuza za Chanda, mnyamata wa ku Chelstone, wa makolo ochokera ku Luapula. Loweruka lina masana kunabwera nkhoswe yawo, imene iwo amati shibukombe, itanyamula mbale ziwiri zovundikirana zomangidwa m'nsalu. Imeneyo ndiyo nsalamu, kandalama kogogodera pakhomo pofunsira mbeta. Ine ndinakhala pansi pakhomo la kukhitchini pamodzi ndi azimayi anzanga, mutu woweramitsa monga mwa mwambo. Amalume anu atavundukula mbale, china chake chinatsetsereka pansi pa ndalama zamapepala n'kugunda m'mbali mwa mbaleyo. Ngwii. Mutu wanga unadzuka wokha, mpaka mlamu wanga ananditsina.

Shibukombe anafotokoza kuti atate a mnyamata awonjezerapo ndalama yakale imene atate awo, agogo ake a Chanda, anabwera nayo kuchokera ku migodi ya kumwera, ndipo ndi chinthu chokha chimene chinatsala cha malemuwo. Alendo atapita ndinaitenga. Inali hafukoroni, ndiye kuti masheleni awiri ndi theka, ya zaka zimene ankazipangabe ndi siliva weniweni. Koma mayo, anaikwecha. Amake Chanda anaigwirira ntchito ndi phulusa mpaka nkhope ya mfumu inasalala ngati ya khanda. Kwa ogula inali itatha mtengo, koma ine inandikhudza mtima kuti anthu osatidziwa atipatse chinthu chotere. Ndinaimanga m'kansalu n'kukaisunga m'sefa ya kushopu, poopa akuba a m'mafulati.

Atate a Chanda, ba Mwape, ndinadzawaona pa msonkhano wa mabanja awiri. Anali munthu wamtali, wofatsa, mkulu wa mpingo wa Pentekosite, amene anali makaniko wa mabasi a boma mpaka kampaniyo itatsekedwa. Chanda ankanyadira kuti atate ake amadziwa matenda a injini pongoimvera basi ili chapatali. Ngakhale anali Mbemba, za mbewa ndi kolwe panalibe. Tinali asebele tsopano, asewere monga timanenera kwathu, ndipo pakati pa asebele pamakhala ulemu wolemera: mawu osankha, maso pansi, nkhani yovuta imadzera kwa nkhoswe. Ndinamvanso kuti azakhali ena a Chanda sankakondwa. Ankati banja la mayi wogwira ntchito ku Kabulonga ndi lonyada, lidzawapeputsa.

Chaka cha ukwati

Kutatsala milungu yochepa kuti ukwati uchitike, m'mawa wina ba Mwape analowa m'shopu atavala suti ya kutchalitchi, atakumbatira chitini cha mabisiketi. Ndinatuluka kuseri kwa kauntala n'kuwalonjera mogwada. Anafotokoza mwaulemu, koma chimwemwe chikuchita kuonekera. Anakumana ndi munthu wina ku Intercity amene anati wafukula ndalama pafamu yakale ya mzungu ndipo akufulumira kubwerera kumudzi. Iwo anatenga zonse zimene zinatsala pa ndalama zotsanzikira ntchito n'kugula chitini chonse. Maganizo awo anali akuti akagulitsa, mbali yawo ya ukwati ikhala yosachititsa manyazi, ndipo zotsala agulire Chanda minibasi kuti iwe Tika usadzavutike. Anati Mulungu ndi wabwino powapatsa asebele odziwa ntchito imeneyi.

Kenako anatsegula chitini. Zinali ndalama zikuluzikulu za masheleni asanu, zakuda bii, zonunkha polishi. Msoko ndinauona ngakhale popanda galasi. Kelvin nayenso anauona, poti anakulira m'shopu. Anawapatsa mpando ba Mwape n'kundiitanira kuseri. Anati ali ndi mlendo amene akukwera ndege kumapeto kwa sabata, munthu wongoyamba kumene kusonkhanitsa, amene angatenge chitini chonse ngati ine nditangonena kuti ndazimva.

"Mami, ganizani za mwana wanu," ananong'ona. "Mukakamba ati ni feki, mudala uyu azayenda kuti na nsoni? Kambani chabe ati zili bwino, bonse tipite."

Sindikubisirani, mawu akewo anandilowa. Ndinaima pafupi ndi sefa n'kumaganiza. Ndikanena monga ndinkanenera kwa aliyense, ndiye kuti ndawauza asebele anga pamaso pa Kelvin kuti apusitsidwa ngati mwana, ndipo azakhali aja apeza umboni wawo. Ukwati ukanatha kuthera pomwepo, chifukwa munthu wofatsa akachita manyazi sakalipa, amangochoka. Koma ndikanama, mlendo uja akafika kwawo akazipima, ndipo apolisi akadzabwera adzafuna mwini chitini, mkulu wa mpingo wa ku Chelstone. Komanso ine ndikanatsala ndani? Zaka zonsezo chimene ndinali nacho chinali choti ndikati ndamva, ndamvadi. Kunama sindikanatha, koma kunenanso sindikanatha. Mayi wa pakamwa potchuka m'tauni yonse anasowa mawu tsiku limenelo.

Kenako maso anga anagwa pa kansalu kaja m'sefa, ndipo ndinakumbukira zimene Chanda ananena za atate ake ndi ma injini. Ndinanyamula mwala, ndinatuluka nawo, ndinauika pansi patsogolo pa mpando wa ba Mwape, n'kugwada pambali pake, m'shopu ya magalasi ya ku Kabulonga, Kelvin akuyang'ana kudenga.

"Ba sebele," ndinatero, "pakamwa panga ni pang'ono kuli imwe. Koma namvela ati matu yanu yaziba injini. Nipempako mumvele ivi."

Ndinamasula kansalu. Anaizindikira hafukoroni ya atate awo nthawi yomweyo. Ndinaigwetsa pamwala ndipo inalira, mawu oyera, aatali, odzaza shopu yonse. Itatha ndinatenga imodzi ya m'chitini n'kuwapatsa ndi manja awiri kuti agwetse okha. Inati pha. Anapendeketsa mutu monga amachitira makaniko. Anatenga ina, pha. Anapisa dzanja pansi penipeni pa chitini, natulutsa ina, pha. Anapitiriza kanthawi ndithu, ndipo ine sindinadzutse maso. Pomaliza anatseka chitini pang'onopang'ono, anaimirira, anati zikomo ndi mawu otsika, n'kutuluka osatchula za kunyumba kapena za ukwati.

Masiku otsatira anali owawa. Msonkhano wa komiti ya ukwati umene unayenera kuchitikira ku Chelstone anauimitsa popanda chifukwa. Shibukombe sankayankha foni. Chanda anakuuza kuti atate ake sakudya bwino, sakupita ngakhale ku mapemphero, ndipo azakhali aja akuti anachenjeza kale. Iwe Tika unabwera kukhitchini maso ali ofiira n'kundifunsa funso limene sindinaliiwale: "Amama, simukanangonama kamodzi kokha chifukwa cha ine?" Ndinakuyankha mokalipa, koma m'kati ndinali kulira nawe. Atate anu anangoti tidikire. Kelvin anakhala masiku osandilankhula, ngakhale sanandichotse ntchito. Ndikuganiza kuti ankamva mawu a atate ake m'mutu. Ine ndinabweretsa mwala ndi hafukoroni kunyumba, ndili ndi maganizo akuti zinthu zikafika poipa, nsalamu tidzabweza yonse yathunthu.

Loweruka lina m'mawa ndikuyanika zovala kuseri kwa fulati, Dalitso anabwera kudzandiuza kuti kwabwera alendo. Ndinapukuta manja n'kulowa. Anali ba Mwape ndi akazi awo, popanda shibukombe. Sanavale suti, anavala ovolosi ya ntchito yothimbirira ndi oyilo. Ndinati basi, abwera kudzatenga mbale zawo. Ndinagwada, tinalonjerana. Iwe Tika unali kuseri kwa katani, ndinkaona zala za kumapazi kwako.

Ba Mwape anapisa m'thumba n'kuika patebulo imodzi ya ndalama zakuda zija. Pakati pake panali bowo latsopano. Anati aziboola zonse ndi makina awo kuti pasadzapezeke munthu wina wozigulitsanso, ndipo azitumiza kwa abale awo ku Luapula kuti azimangirire ku maukonde, poti mtovu umamira bwino. Imeneyi anaisunga kuti iziwakumbutsa. Anatinso ukwati ukhala waung'ono kuposa mmene ankafunira, minibasi kulibe, koma Chanda ali ndi manja ndipo aphunzira ma injini. Atatero anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Koma imwe ba kum'mawa," anatero, nkhope ili yosaseka, "izi mbeba mudya, kansi zonse ziyenda ku matu?"

Amake Chanda anagwira pakamwa. Atate anu anatsokomola. Ine ndinadziwa pomwepo kuti ukwati wapulumuka, chifukwa msebele wokwiya sangakunyoze; amene wakutchulira mbewa m'nyumba mwako ndiye kuti wakulandira.

"Ni chifukwa chake tikupasani mwana wathu," ndinayankha, "kuti bazukulu banu basazagule mtovu monga bakudya kolwe."

Anaseka mpaka kupukuta maso ndi mkono wa ovolosi, ndipo katani ija inagwedezeka. Ukwati unachitika pa tsiku lomwe tinapangana, m'holo ya tchalitchi, ndi nkhuku zochepa ndi kwaya yathu ya ku Kabwata. Azakhali aja anavina kuposa aliyense. Ine ndinagwirabe kwa Kelvin mpaka kupuma, ndipo sanandipemphenso chinthu chotero. Hafukoroni ili m'kansalu komweko, Tika, ndi ya ana ako. Yayamba kudanso, ndipo wina akadzaiyandikira ndi phulusa ndidzamudzukira.

Koma tsiku lija asananyamuke, ba Mwape anapempha chinthu chimodzi. Anafunsa ngati mwala uli pafupi. Dalitso anaukoka pansi pa bedi akudandaula za msana, ine ndinamasula kansalu. Ba Mwape anaitembenuza hafukoroni ija m'manja mwawo akuda ndi oyilo.

"Nakhala nayo kuchokela nili mwana," anatero. "Nenze kuiyangana chabe. Sininazibe ati ya batata iimba."

Anagwada okha pasimenti, munthu wamtali uja, n'kuigwetsa pamwala. Tonse m'nyumbamo tinakhala chete mpaka inamaliza kulira.